Mkulu Amene Anazimitsa Galimoto Pamchenga

Panali munthu wina amene anali ndi galimoto, ndipo mng'ono wake anali ndi njinga yamoto. Anali a bere limodzi, obadwa motsatizana.

Mkuluyo anali munthu wopatsa. Ndiyambe ndanena zimenezi, kuopa kuti wina angatuluke muno akuti lero timanena za munthu woipa. Ayi, sanali woumira. Maliro akagwa, galimoto yake ndi imene inkatuta nkhuni. Matenda akakula pakhomo pa munthu, anthu ankathamangira kwa iye, ndipo sankawabweza. Koma anali ndi chilema chimodzi: chifundo chake chinali chaphokoso. Akati akupatseni thumba la chimanga, ankabwera nalo dzuwa lili paliwombo, n'kuimika galimoto pamsewu, n'kuliza hutala mpaka ana a mudzi wonse atasonkhana. Akakuthandizani Lolemba, pofika Lachitatu ngakhale amayi ogulitsa zitumbuwa pamsika anali atadziwa kuti m'nyumba mwanu munatha ufa. Iye sankaonapo cholakwa. Mumtima mwake ankati kukonda abale n'kumeneko.

Ndikuona ena kumbuyoko mukugundana zigongono. Musatchule dzina. Tonse tili naye wotere kwathu, ndipo kwa ena a ife munthuyo ndi ife tomwe.

Galimoto yakeyo inali pikapu yakale, yotuta chimanga, njerwa, mbuzi, chilichonse chimene munthu wamutuma. Batire lake linali lalikulu ndi lamphamvu. Vuto linali sitata, kachitsulo kaja kamene kamazungulitsa injini poliza. Inali itatopa. Injini ikazima, kiyi sankathandiza kanthu, galimotoyo inkafuna kukankha. Choncho mkuluyo anali ndi lamulo limene sankaliphwanya: galimoto sazimitsa pamalo opanda mtsetse. Kunyumba ankaigoneka pakachitunda, mwala uli kutayala, kuti m'mawa angochotsa mwalawo, galimoto itsetsereke yokha n'kulira. Panjira akakumana ndi munthu ankaima injini ikulira, n'kumalankhula mokuwa pamwamba pa phokosolo. Anthu anazolowera kumuyankha ndi mutu, chifukwa ankadziwa kuti ngakhale akuwe chotani mawu awo safika.

Mng'ono wake anali munthu wofatsa, wa mawu ochepa. Anapitako ku Joni kukafuna ntchito monga anzake, koma sizinamuyendere, ndipo anabwerako ndi chikwama cha zovala basi. Chaka choyamba iye, mkazi wake ndi ana ankadya za mkulu wake, ndipo dera lonse linkadziwa. Thumba likafika, mkaziyo ankatuluka n'kugwada pamsewu kuthokoza alamu ake, anthu akuonerera. Akalowa m'nyumba sankalankhula mpaka madzulo.

Kenako mng'onoyo anadzikoka. Anagwira maganyu, analima m'minda ya eni, mpaka anapeza njinga yamoto yakale n'kuyamba kabaza. Njingayo inali ndi zilema zake. Kiki, chopondera chija cholizira ndi phazi, inathyoka iye asanaigule, moti inkalira ndi batire lokha. Koma inali yake. Akaikwera m'mawa ankamva kuti wakhalanso bambo pakhomo pake.

Tsiku lina m'nyengo yachisanu njinga inakana kulira. Batire linali litatha moto. Mng'onoyo anapita kwa mkulu wake kukapempha kuti amugawireko moto wa batire la galimoto, monga amachitirana oyendetsa, polumikiza mabatire awiri ndi mawaya. Mkuluyo anasangalala kwambiri. Anabwera ndi hutala wake, anthu anasonkhana, iye anatulutsa mawaya awiri, wofiira ndi wakuda, n'kuwalumikiza. Atatero analowa m'galimoto n'kuponda moto mpaka injini inabangula, nkhuku za pakhomo kubalalika.

"Ndikupatsa wonse, iwe!" anakuwa motero. "Usadzavutikenso!"

Njinga inalira kamodzi. Kenako kunamveka fungo la waya wopserera, utsi unatuluka pansi pa chishalo, mababu onse anathima. Njinga inafa pomwepo.

Makaniko amene anaitsegula anamufotokozera mng'onoyo chimene chinachitika. Anati mabatire a galimoto ndi a njinga amamvana bwinobwino, palibe vuto kugawana moto. Koma galimoto ikamalira imapanga moto wochuluka, woyenera thupi lake lalikulu, ndipo timawaya ta njinga sitingathe kuusenza. Wofuna kudzutsa njinga ayambe wazimitsa galimoto. Moto umene wagona m'batire ndi wokwanira.

Inu amayi izi mukuzidziwa kale. Mnzanu akabwera ndi phale kudzapala moto, mumamuikira makala awiri. Simumusenzetsa chikuni chonse chikuyaka kuti akalowe nacho m'nyumba yaudzu.

Mng'onoyo anamva, koma anangosunga mumtima. Akanawauza bwanji achimwene ake, amene anamudyetsa chaka chathunthu, kuti ndiwo amupserezera njinga? Mkuluyonso sanafunse. Pamsika ankauza anthu kuti njingayo inali chiphakasa kuyambira kale, iye anangoyesetsa mbali yake. Njinga inagona kwa makaniko nyengo yonse yogulitsa mbewu, nyengo imene akabaza amapezako bwino. Pamene inkatuluka, mng'onoyo anali atalumbira mumtima kuti bola kukankha njinga mpaka ku Nsanje kusiyana ndi kukagogodanso pakhomo pa mkulu wake.

Anasiya kuyenderana. Ankakumana pamaliro, kupatsana moni wa dzanja, basi. Mkuluyo zinkamupweteka, ndipo ankadandaula kwa mkazi wake kuti mwana uja n'ngosayamika, wayamba kudzimva chifukwa cha kanjinga. Mng'onoyo zinkamupwetekanso, chifukwa achimwene akewo ankawakonda. Akamva pikapu ikudutsa pamsewu ankasiya zimene akuchita n'kumvetsera mpaka phokoso litazilala. Onse awiri ankasowana, koma panalibe woyamba.

Chaka chinatembenuka. Mng'onoyo ndi mkazi wake anaganiza zoweta nkhuku. Anaumba njerwa okha, mwamuna akuponda dothi, mkazi akutunga madzi. Anamanga khola kuseri kwa nyumba, anafolera, anayala utuchi pansi, osauza munthu. Thukuta lonse la kabaza la miyezi imeneyo linapita ku anapiye amene anaitanitsa ku boma, aja oswedwa ndi makina, ofika ali a tsiku limodzi. Amene munawetako mukudziwa kuti tinthu timeneti n'tosalimba. Tikazizidwa timafa, tikatenthedwa timafa msanga kuposa pamenepo. Ndipo banja lija linalibe pena pogwira. Anapiye aja akanafa, khola likanasanduka choseketsa anthu, ndipo mkazi uja akanabwereranso pamsewu paja kukagwadira thumba la chimanga, hutala akulira.

Tsiku lokatenga anapiye linafika mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Lole yobweretsa anapiye inachedwa, moti mng'onoyo anawalandira dzuwa litakwera kale. Anamangirira makatoni kumbuyo kwa njinga, anawafunditsa chitenje cha mkazi wake, n'kuuyamba ulendo pang'onopang'ono, akuzemba maenje.

Njira ya kwawo inkadutsa pamtsinje wopanda mlatho. M'chilimwe mtsinjewo unkauma n'kusanduka mchenga wokhawokha, uku chitunda, uko chitunda. Atafika pakati pa mchengawo tayala linatitimira, njinga n'kuzima. Anakanikiza batani. Injini inabuula, osalira. Anakanikizanso, inabuulanso mofooka. Kenako inangoti tche, tche, n'kukhala chete. Batire linali litatha.

Anayesa kukankha kuti ailizire m'giya, koma pamchenga tayala limangokhwekhwereza. Anayesanso mpaka maso anachita mdima. Ndiye anamasula makatoni n'kuwaika pansi pa kachitsamba ka m'mphepete, kamene mthunzi wake sukanakwanira ndi galu yemwe. Atasuzumira pazibowo anaona anapiye atayasamula timilomo, timapiko titagwa. Anafukula mchenga ndi manja kufuna madzi, koma pansi pake anangopeza mchenga wina wouma. Anatulutsa foni, koma m'chigwa muja netiweki sinkagwira.

Kwawo kunali kutali koti munthu sangafike wapansi atasenza makatoni padzuwa lotero. Pa njinga kunali pafupi, chifukwa kutsidya kwa mtsinje kunali kanjira kodutsa m'minda kotulukira kuseri kwa nyumba yake. Galimoto sinkadutsa kumeneko, inkayenera kuzungulira kumsika. Choncho chofunika chinali chimodzi, kuti njinga ilire, ndipo ilire msanga.

Anakhala pansi n'kupemphera kuti patulukire galimoto ina iliyonse.

Posakhalitsa anamva injini ikutsika chitunda cha kutsidya. Anaizindikira isanaoneke, monga mwana amazindikirira chifuwa cha bambo ake ali kuseri kwa nyumba. Mtima wake unagwa. Abale anga, Mulungu amayankha pemphero, koma galimoto amasankha yekha.

Mkuluyo anali atadzaza matumba a chimanga cha eni ake, akupita nacho ku boma. Ataona mng'ono wake pamchenga anaima pafupi, pamene nthaka inali yolimbako, injini ikulira monga mwa nthawi zonse. Mkwiyo wa chaka chonse anauiwala nthawi yomweyo, paja chibale ndi fupa, sichiola. Komanso, tinene zoona, anakondwera kuti mwana uja wafunanso thandizo.

"Chafanso chiphakasa chakocho?" anakuwa. "Ndinkanena ine! Dikira ndikupatse moto!"

Mng'onoyo anayankha, analoza kuchitsamba, ananena za anapiye. Mkuluyo anangoona milomo ikugwedera. Anali atatsegula kale boneti. Anapana mawaya kubatire la galimoto, nsonga zinazo anamupatsa mng'ono wake m'manja, iye n'kulumphira pampando, phazi lili kale popondera moto.

Mng'onoyo anaima atagwira mawayawo, wofiira dzanja ili, wakuda dzanja ilo. Akanalumikiza, njinga ikanapsanso, anapiye n'kufera pomwepo. Akanakana osanena chifukwa, achimwene ake akanapsa mtima n'kupita, anapiye n'kufabe. Kukhala chete kumene anabisalamo chaka chonse tsopano kunalibe ntchito. Anaika mawaya pansi motalikirana, anapita pawindo, anaika pakamwa pake pafupi ndi khutu la mkulu wake.

"Achimwene, ngati mukufuna kundithandiza, zimitsani galimoto."

"Wati chiyani?"

"Zimitsani galimoto, achimwene."

"Wapenga iwe? Pano? Sukuziona zitundazi? Ndikazimitsa pano andikankha ndani, ndi katundu yenseyu?"

"Ndikudziwa, achimwene. Koma injini ikamalira, moto wanu umandichulukira. Ndi umene unapsereza njinga chaka chatha. Ndinkaopa kukuuzani."

Mawu amenewo anamulasa mkuluyo. Mayankho anali ambiri pakamwa: matumba aja, chaka chija, maulendo a kuchipatala aja. Anayang'ana chitunda cha kutsogolo, anayang'ana cha kumbuyo. Anaganiza za eni chimanga amene ankamudikira ku boma. Anaganiza za anthu a pamsika, mmene akanasekera kumva kuti wothandiza anthu onse uja wakanirira pamchenga, akudikira omukankha. Chiyambire kuyendetsa galimoto imeneyo anali asanaizimitsepo pamalo otero, ngakhale pofuna kulonjera abusa. Kenako anayang'ana mng'ono wake. Milomo inali itauma, manja ali mchenga wokhawokha, maso ali pansi.

Mkuluyo anagwira kiyi n'kuzimitsa.

Kunangoti zii. Iye anali asanaumvepo msewu umenewo uli chete. Anamva mphepo m'mabango ouma. Anamva kupuma kwa mng'ono wake. Ndipo anamva timawu tina tofooka tikuchokera pansi pa chitsamba, kwiyo, kwiyo.

"Kodi chikulira n'chiyani?" anafunsa, ndipo iye yemwe anadabwa kuti walankhula osakuwa.

"Anapiye anga, achimwene."

"Ako? Uli ndi khola iwe?"

"Tinamanga ndi alamu anu. Njerwa tinaumba tokha."

Mkuluyo anatsika n'kukasuzumira m'katoni. Anakhala chogwada pamenepo kanthawi. Anamva chisoni, anamvanso manyazi, chifukwa mng'ono wake anali atamanga khola lathunthu pamtunda woti munthu angayende wapansi, iye osadziwa kalikonse. Anatenga chigubu cha madzi amene ankasungira injini ikatentha, ananyowetsa chitenje chija, n'kufunditsanso makatoni.

"Lumikiza wekha," anatero. "Njinga ndi yako, ukuidziwa ndiwe."

Mng'onoyo anapana waya wofiira pamutu wofiira wa batire la njinga. Wakuda anaupana pachitsulo cha njinga, pamalo opanda penti. Anadikira pang'ono, n'kukanikiza batani. Njinga inatsokomola, inatsokomolanso, kenako inalira bwinobwino, popanda utsi, popanda fungo.

Anachotsa mawaya, kuyambira wakuda, n'kuwapereka ndi manja awiri. Ntchito ya mawaya imathera pomwepo. Njinga ikalira imadzipangira moto wake ikamayenda, ndipo yomangirirabe ku galimoto singapite kulikonse. Awiriwo anathandizana kuitulutsa pamchenga, mkulu akukankha kumbuyo, mng'ono atagwira zogwirira. Anamangirira makatoni pamalo pake.

"Nanga inu, achimwene?"

"Pita iwe, anapiye akufa. Usazimitse panjira."

Njinga inakwera chitunda n'kulowa kanjira ka m'minda.

Mkuluyo anatsala yekha. Anayesa kiyi, ngakhale yankho lake ankalidziwa. Galimoto inangoti tche. Anakhala pansi mumthunzi wa matumba, atatsamira tayala. Madzi anali atathera pachitenje chija, ndipo ludzu linamugwira. Munthu amene moyo wake wonse anali wofika ndi thandizo tsopano anali woyang'ana kumsewu. Sanapangane kanthu ndi mng'ono wake. Mwina abwerera, mwina ayi, ndipo atapanda kubwerera akanamudzudzula ndani?

Masana amenewo anaphunzira kuti kudikira thandizo n'kowawa. Anaonanso kuti wodikirayo amaopa ziwiri, kuti mwina sikubwera munthu, ndi kuti mwina abwera ndi gulu. Amayi ena osenza nkhuni anadutsa n'kumupatsa moni. Iye anayankha maso ali pansi, akupempha mumtima kuti asafunse zambiri. Apo ndi pamene anakumbukira nkhope ya mlamu wake atagwada pamsewu, ndi nkhope ya mng'ono wake ataima pakhomo, masiku aja ankatsitsa thumba hutala akulira. Nthawi yonseyi iye ankayesa kuti kuzyolika kuja kunali ulemu.

Dzuwa litapendeka anamva njinga. Mng'ono wake anatulukira m'kanjira ka m'minda komwe kaja. Pambuyo pake pankabwera mlimi wina woyandikana naye nyumba, akukusa ng'ombe ziwiri zapagoli, unyolo uli paphewa.

"Anapiye?" anafunsa mkuluyo asanapereke moni.

"Ochepa atisiya panjira. Ena onse akumwa madzi, ayambanso kuthamangitsana. Alamu anu akuti mumweko kathobwa aka."

Anapereka botolo. Kenako anawonjezera motsitsa mawu, kuti mlimi uja asamve.

"Tadzera kuminda, achimwene. Kumsika kulibe akudziwa."

Mkuluyo analandira botolo lija. Anatembenukira kumbali n'kupukuta m'maso ndi chipewa.

Ng'ombe zinakoka galimoto mpaka pamwamba pa chitunda cholowera ku boma. Kuseri kwake kunali mtsetse. Anamasula unyolo, mng'onoyo anaika phewa kumbuyo kwa pikapu n'kukankha, galimoto inatsetsereka, inagwedezeka, n'kulira. Mkuluyo anatulutsa dzanja pawindo kutsanzika. Hutala sanalize.

M'mawa mwake anapita kwa mng'ono wake. Galimoto anaisiya kwawo pakachitunda paja, mwala uli kutayala. Anayenda wapansi, chimanjamanja, ndipo atafika pakhomo anaima n'kunena kuti, "Odi." Mlamu wake anatuluka, anayang'ana kumsewu kufuna galimoto, sanaione. Anati agwade, koma mkuluyo anamuletsa ndi dzanja.

"Sindinabwere ndi kanthu, alamu. Ndabwera kudzaona khola."

Anakhala m'kholamo mpaka dzuwa litakwera, iye akufunsa, eni khola akuyankha, anapiye akumujompha zala. Mng'ono wake uja, amene anthu ankati ndi wa mawu ochepa, analankhula m'mawa umenewo mpaka kukhosi kuuma.

Tsono ndi inu amene mwasankhidwa lero kuti muziyendera ovutika mumpingo muno, ndi inu ana achisamba m'mabanja mwanu, ndi aliyense amene Mulungu anamupatsa batire lalikulu kuposa la abale ake. Palibe akukana kuti ndinu opatsa. Funso langa ndi limodzi. Mukafika pakhomo pa wovutika, injini imakhala ikulira kapena mumazimitsa?

Mnzanu amene wazimira panjira safuna moto wanu wonse. Akufuna wochepa woti alire, kenako muchotse mawaya apite. Sindikunamizani, kuzimitsa n'kowawa. Mudzataya nthawi, mudzamva mawu olasa, mwina mudzatsala pamchenga ndinu. Koma kupatsa n'kuika, ndipo amene mwamudzutsa mwaulemu amaidziwa njira yobwerera ndi ng'ombe.

Inunso ang'ono, musamasunge mawu chaka chathunthu. Achimwene anu si mfiti, ndi phokoso chabe limene lawatseka makutu. Pitani pawindo mukanene.

Ndipo ngati kwanu kuli munthu amene kale ankakupemphani koma anasiya, musafulumire kunena kuti n'ngosayamika. Mwina munamupsereza. Pitani sabata ino, wapansi, osanyamula kanthu. Mukakhale chete pakhonde pake mpaka mumve chimene chikulira m'katoni mwake.